Ng'oma ya Woyesa-muyeso

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike. Matani phula pa mbalule, gunda akhale kudzanja lamanja, mpanje kumanzere. Gule wa lero ndi wa munthu wa kafukufuku, amene kuyambira 1965 wakhala akuvutitsa aphunzitsi, madokotala ndi akuluakulu a boma ndi funso limodzi: musanatchule mwana kuti ndi mbuli, kodi muyeso wanuwo mwauyesa?

Bwerani a ku Kabwata, inu osema ziboliboli pakhomo pa nyumba zozungulira zija. Bwerani a ku Chelstone, a m'munsi mwa thanki. A ku Woodlands ndi a ku Kabulonga, tsegulani mageti, mipanda yanu yatalika mokwanira. A m'tauni, a pa Cairo Road, a pa Kulima Tower, makondakitala ndi angwangwazi, siyani kaye kuitanira okwera. Wa pa wilitcheya mum'patse malo kutsogolo. Wa ndodo yoyera mumuuze pamene pali mpando, musam'koke dzanja. Wosamva mumukhazike pafupi ndi gunda kuti ng'oma aimvere m'chifuwa ndi kumapazi, ndipo womasulira m'chinenero chamanja aime poonekera.

Gu! Gu! Gu-gu-gu!

Ng'oma imayambira pa olambula bwalo. Tikuomba m'manja ku Magwero, kufupi ndi Chipata, kumene mu 1905 mayi Issie Hofmeyr a mishoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa osaona. Tikuomba m'manja kwa mayi Ella Botes amene anaitola ntchitoyo, mpaka mu 1955 ku Magwero komweko kunatsegulidwa sukulu ya ana osamva. Kwa zaka zambirimbiri mwana waulumali anali wa mishoni, wodalira chifundo cha mpingo, boma likuyang'ana kumbali. Mu 1971, m'nthawi ya a Kenneth Kaunda, Unduna wa Zamaphunziro unavomera kuti ana amenewa ndi akenso, ndipo mu Lusaka munatsegulidwa koleji yosula aphunzitsi awo, imene lero timaitchula kuti ZAMISE. Tikuomba m'manja kwa a Lazarus Tembo, woimba wosaona wa kum'mawa, amene anakwera mpaka kukhala nduna yaing'ono yoona za chikhalidwe, dziko lonse n'kudzionera lokha kuti munthu saganiza ndi maso.

Bwalo layera. Mbalule, tchula dzina!

Ndi a Robert Serpell amenewo!

Inu Mlendo-wa-kalumo! Munabadwira ku England mu 1944, munaphunzira ku Oxford, munatsika mu Lusaka mu 1965, ufulu wa Zambia uli wa chaka chimodzi, University of Zambia isanalandire n'komwe ophunzira ake oyamba. Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ambiri anadza nato tilumo totere n'kuyamba kumeta mitu ya eni osanyowetsa n'komwe. Inu munayamba mwakhala pansi, mwaphunzira Chinyanja, mwafunsa m'mene eni mudzi amametera. Pambuyo pake munatenga unzika wa dziko lino, mlendo n'kusanduka mwana wa pakhomo.

Ndiwo amenewo! Gunda, vomera!

Inu Woyesa-muyeso! Masiku amenewo mayeso oyezera nzeru za ana ankabwera m'masutikesi kuchokera ku Ulaya ndi ku America: pepala, pensulo, zithunzi ndi timatabwa ta mitundumitundu. Mwana wa kuno akalephera, olemba mabuku ankati mutu wa mwana wa mu Africa sugwira bwino maonekedwe a zinthu. Chonsecho m'misewu ya fumbi ya mu Lusaka anyamata anali yakaliyakali kupinda waya, kupanga galimoto ya chiwongolero chachitali, ya matayala oyendadi, ya zitseko zake zomwe. Mwana wosagwira maonekedwe a zinthu angapange bwanji chimenechi? Ndiye inu munatenga ana a ku Zambia ndi ana a ku England n'kuwapatsa ntchito imodzimodzi, yotengera chinthu chimene aonetsedwa, koma m'njira zosiyana: kujambula ndi pensulo, kupinda waya, kuumba ndi dongo. Zotsatira zinatuluka mu 1979. Pa pensulo ana a ku England anapambana. Pa waya ana a ku Zambia anawaposa. Pa dongo, limene magulu onse awiri ankalidziwa, panalibe woposa mnzake. Chimene chinkawasiyanitsa ndi chimene manja awo anazolowera kugwira.

Tcherani khutu apa, inu a m'maofesi, chifukwa nkhani yonse ya maphunziro a ana a zosowa zapadera yagona pamenepa. Muyeso ndiwo umanena kuti uyu alowe m'kalasi wamba, uyu m'kalasi yapadera, uyu abwerere kunyumba. Muyeso wokhota umalakwira ana awiri nthawi imodzi. Woyamba ndi mwana wabwinobwino amene walephera chifukwa sanagwirepo pensulo, kapena chifukwa funso labwera m'Chingerezi chimene kwawo salankhula. Ameneyo amapatsidwa dzina loipa loyenda nalo moyo wonse. Wachiwiri ndi mwana amene akusowadi thandizo. Ameneyo amasowa m'chigulu cha olephera, chifukwa pamene onse agwa sudziwa amene wathyoka mwendo.

Ndi-ndi-ndi! Mpanje, onjezera!

Inu Mfunsa-akulu! Kuyambira mu 1973 munkatsata Great East Road, kudutsa Chelstone, Chongwe, mlatho wa Luangwa, Nyimba ndi Petauke, mpaka midzi ya Achewa ya ku Katete, m'dziko la Kalonga Gawa Undi. Munakhala pamphasa ndi agogo, amalume ndi azakhali odziwa ana a pamudzi, n'kuwafunsa kuti pakagwa chadzidzidzi, kapena pakafunika ntchito yosazolowereka, mwa ana awa angatume uti, nanga chifukwa chiyani. Kenaka munawapatsa mayeso ana omwewo. Kusankha kwa akulu ndi malikisi a mayeso sizinayendere pamodzi. Akulu ankayang'ana kuchenjera, inde, koma ankayang'ananso kutumikira: mwana womva, wokhulupirika, amene ukam'tuma mchere kwa anansi amabwera ndi mchere. Kuchenjera kopanda kutumikira akulu a ku Katete sankakuwerengera kuti ndi nzeru zathunthu.

Zimenezi zinasintha mafunso ofunsa za mwana amene nzeru zake zimakula pang'onopang'ono. Mu 1988 munalemba za m'mene mwana wotere angazindikiridwire m'zikhalidwe zosiyanasiyana, osangodalira nambala yochokera papepala la mayeso. Wopima mwana ayenera kufunsanso: kodi amadya yekha? Amasamba, amavala yekha? Amapereka moni? Amasewera ndi anzake? Angatumidwe? Mafunso amenewa amene angawayankhe bwino ndi mayi, ndi agogo, ndi mlongo wake wamkulu amene amam'bereka. Mayi amene ankaima pakhomo pa ofesi atapinda manja, akudikira kuuzidwa za mwana wake yemwe, munam'lowetsa m'kati ngati mboni yoyamba.

Nthungululu, amayi! Gu! Gu-gu!

Inu Muumbitsa-munthu! Kudzudzula muyeso wa eni n'kosavuta, inu munasema wina. Munaupatsa dzina la m'chilankhulo cha ana omwe, Panga Munthu. Mwana amapatsidwa chibumwa cha dongo n'kuuzidwa kuti aumbe munthu. Woyesa amayang'ana ngati pali mutu, khosi, thupi, mikono, miyendo, zala, maso, makutu, ndiponso ngati ziwalozo zikulingana kukula kwake. Dongo amalidziwa mnyamata ndi mtsikana yemwe, wa kumudzi ndi wa m'tauni, wa pasukulu ndi wolisha mbuzi. Silifuna Chingerezi, silifuna magetsi. Mu 1998, pamodzi ndi a Ravinder Kathuria, munatulutsa miyezo yake mutayesa ana a sukulu oposa 3,000 a m'Zambia, kuti mwana wa kuno ayerekezedwe ndi anzake a kuno, a msinkhu wake. Amene akutsaliradi m'mbuyo aoneke msanga, athandizidwe msanga.

Ndiwo amenewo! Mbalule, tsika mawu, apa pali misozi.

Inu Msaka-obisika! Ndani sadziwa m'mene zinkakhalira, ndi m'mene zikukhalirabe m'makomo ena? Mwana akabadwa ndi ulumali, anthu amanong'onezana za ufiti ndi zizimba. Achibale a kuchimuna amaloza chala mayi. Abambo ena amapita kukagula ndudu osabweranso. Alendo akamafika, mwana amalowetsedwa kuchipinda, chitseko n'kutsekedwa. Mu 1981 bungwe la United Nations linapatula chaka chonse kuti chikhale cha anthu aulumali, ndipo m'zaka zotsatira Zambia inachita kampeni yofunafuna ana aulumali m'maboma ake. Nthawi imeneyo, kuyambira 1977 mpaka 1983, inu munali mkulu wa Institute for African Studies, kufupi ndi Munali, ndipo munali m'gulu la ofufuza amene anagwira nawo ntchito yofikira ana amenewa. A Dabie Nabuzoka anakaigwira ku Vulamkoko, m'boma la Katete, kuona m'mene mwana angathandizidwire pakhomo pa makolo ake, ndi anthu ndiponso zipangizo za pamudzi pomwepo.

Panali mkangano masiku amenewo. Ena ankati timange masukulu akuluakulu ogonera komweko, ana onse aulumali tiwasonkhanitse m'manja mwa akatswiri. Ena ankati ayi, zonse zichitikire kumudzi, akatswiri n'ngodula. Mu 1986 inu munalemba kuti mwana akufuna zonse ziwiri. Akufuna malo a akatswiri, kumene angapimidwe makutu, angaphunzire Braille, angapatsidwe ndodo ndi nsapato zomuyenera. Akufunanso kwawo, kumene kuli dzina lake, chilankhulo chake, anzake osewera nawo ndi munda umene adzalime. Mwana wochotsedwa pakhomo ali wamng'ono amabwerera ali mlendo. Mwana wosiyidwa pakhomo popanda katswiri amakula ndi vuto limene likanachepa. Munagwirizana ndi mayi Lilian Mariga a ku Zimbabwe, amene ankaphunzitsa makolo kuphunzitsa ana awo kunyumba, ndipo mu 1993 munalembera pamodzi za ana otere m'maiko a mu Africa.

Kwezani tsopano! Gu-gu! Gu-gu! Gu!

Inu Wowerenga-makwerero! Ana a ku Katete aja simunawataye. Munawatsata zaka ndi zaka mpaka atakula, ena atakwatira, ena atasiya sukulu, owerengeka atapitirira. Mu 1993 munatulutsa buku lotchedwa The Significance of Schooling, ndipo m'menemo munaonetsa sukulu yathu ngati makwerero otakata pansi, opanikiza pamwamba. Pa Giredi 1 amakwera ambiri, pa mayeso a Giredi 7 ambiri amagwa, pamwamba pamafika ochepa, ndipo ochepawo amatengedwa kupita kutauni. Ogwa aja amabwerera kumudzi akudziimba mlandu, akuti mutu wanga sunagwire. Tsono ife oimba ng'oma tikufunsa: ngati makwerero amenewa amagwetsa mwana wa miyendo iwiri, wa maso awiri, wa makutu awiri, nanga wa pa wilitcheya adzayambira pati?

Mpanje, tchula zaka, malamulo alowe m'bwalo!

Lamulo sililembedwa ndi dzanja limodzi, mutu umodzi susenza denga. Koma ofufuza akapanda kuyankhula, olemba malamulo amalemba mumdima. Mu 1977 kunabwera Educational Reform. Mu 1992 kunabwera Focus on Learning. Mu 1994, ku Salamanca m'dziko la Spain, maboma 92 anagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse. Mu 1996 Zambia inatulutsa Educating Our Future, ndondomeko yonena kuti mwana wa zosowa zapadera aphunzire pamodzi ndi anzake paliponse pamene zingatheke. Mu 1997 anayamba kuziyesa ku Kalulushi. Mu 2010 dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo ya pa Manda Hill inakhazikitsa lamulo latsopano la maphunziro, ndipo mu 2012 lamulo la anthu aulumali, loletsa tsankho ndi lolamula kuti maphunziro akhale a onse pamodzi. Mu 2022 fizi inachotsedwa m'masukulu a boma mpaka ku sekondale. Mapepala alipo, ndipo ndi abwino. Inu ndi mayi Jacqueline Jere-Folotiya, mu 2011, munawanyamula mapepalawo n'kuwayerekeza ndi zimene ana a zosowa zapadera akukumana nazo m'kalasi, n'kunena poyera pamene payenda ndi pamene patsalira.

Inu Wapita-wabwera! Kuyambira 1989 mpaka 2002 munaphunzitsa ku Baltimore, m'dziko la America, ndipo kumenekonso munatsata ana a mabanja akuda ndi oyera, osauka ndi opezako bwino, kuona m'mene amaphunzirira kuwerenga kunyumba ndi kusukulu. Ambiri akawoloka nyanja timangomva mbiri. Inu munabwerera, n'kukhala Vice-Chancellor wa University of Zambia kuyambira 2003 mpaka 2006. Mutatsika pampando munabwerera kwa ana. Kudzera ku CAPOLSA, malo olimbikitsa kuwerenga a payunivesitepo, mogwirizana ndi University of Jyväskylä ya ku Finland, ana a Giredi 1 a mu Lusaka anayesa GraphoGame, sewero la pafoni lophunzitsa kulumikiza chilembo ndi liwu lake, m'Chinyanja. Sewerolo linayambira ku Finland pofuna kuthandiza ana ovutika kuwerenga. Mwana akayamba kuwerenga m'chilankhulo chimene amaseweramo, mphunzitsi amatha kusiyanitsa amene akuvutika ndi Chingerezi chabe ndi amene akuvutikadi ndi zilembo.

Gule savina mmodzi. Lowani m'bwalo, anzawo!

Lowani a Darlington Kalabula, Mlembi-wa-mbiri, amene munafufuza za ana osaona m'masekondale wamba, n'kutipatsa buku la Special Education in Zambia mu 2007. Lowani mayi Sophie Kasonde-Ng'andu, Msula-aphunzitsi. Lowani mayi Beatrice Matafwali, Mpima-akhanda, amene munagwira nawo ntchito yopanga ZamCAT, muyeso wa kakulidwe ka ana aang'ono a m'Zambia. Lowani a Paul Mumba a ku Kabale, ku Mpika, mphunzitsi amene munaonetsa kuti mwana angathe kukatenga mwana mnzake pakhomo n'kukhala naye pa desiki imodzi. Lowani a Sela Brotherton ndi bungwe la anthu aulumali la ZAFOD, amene mu 2011 munakaima ku High Court, khoti n'kuvomereza kuti anthu aulumali ankasalidwa pamalo oponyera voti. Ndipo kumbukirani, inu omvera, kuti malo ambiri oponyera voti ndi makalasi. Sitepe imene imatchinga wovota kamodzi pa zaka zisanu imatchinga mwana wa sukulu m'mawa uliwonse.

Lowani a ku Munali, ophunzitsa osamva ndi osaona. Lowani a ku Cheshire Home ya ku Kabulonga. Lowani a ku Bauleni, a ku Chainama, a sukulu ya pachipatala cha UTH, a laibulale ya osaona ya ku Chilenje. Lowani a Zambia National Association of the Deaf, manja anu alankhule.

Gu! Gu! Gunda, lemera tsopano, pakuti ntchito sinathe.

Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 anapeza kuti mwa ana a zaka 2 mpaka 17, okwana 4.4 peresenti ali ndi ulumali. Ndiye kuti m'kalasi iliyonse yodzaza muyenera kukhala mmodzi, awiri kapena atatu. Akapanda kuonekamo, funsani kumene ali. Mzinda ndi umodzi, koma njira zake n'zosiyana. Mwana wa kumayadi amene akuchedwa kuyankhula amanyamulidwa pa galimoto kupita kwa katswiri wolipira ali wamng'ono. Mnzake wa m'komboni, wa ku Kanyama, wa ku Chawama, wa ku Misisi, amadikira mpaka mphunzitsi wotopa atam'zindikira kumbuyo kwa kalasi, zaka zabwino zitapita kale. Mayi wake amam'bereka kumsana ali wamkulu ndithu, kudumpha naye ngalande nyengo ya mvula, kukwera minibasi yopita m'tauni, kutsika, kukweranso ina, kukangana ndi kondakitala pa za malo a wilitcheya. Sukulu ndi yaulere, koma ulendo si waulere. Akafika, pakhomo pali sitepe, chimbudzi n'chopanikiza, buku la Braille silinafike, womasulira ndi manja palibe.

Mbalule, maina otsiriza apite kwa amene salembedwa m'manyuzipepala!

Inu Mayi-mbereko-yosatopa, amene munakana kutseka chitseko alendo atabwera! Inu Bambo-wosathawa, amene achibale atakunong'onezani munayankha kuti mwanayu ndi wanga! Inu Mphunzitsi-wa-manja-awiri, lina la choko, lina la chinenero chamanja! Inu Mkankha-wilitcheya, mwana wa Giredi 5 amene mumadzuka msanga kuti mudzere kwa mnzanu! Inu Wowotcherera-wa-pamsika, amene mumalumikiza tayala la wilitcheya osafunsa zambiri! Kafukufuku wa a Serpell anayambira kwa anthu ngati inu, ndipo ndi inu amene mumam'sandutsa ntchito.

Tsono ovina, m'mene mukubalalika, aliyense anyamule chake. A komiti ya makolo ndi aphunzitsi, Lolemba likudzali mukafunse ahedi kuti ana aulumali a m'dera lanu ndi angati, nanga olembedwa m'kaundula ndi angati. A khansala, a komiti ya ndalama za chitukuko za CDF, kalasi yatsopano isalandiridwe ngati ilibe njira yotsetsereka ya wilitcheya ndi chimbudzi chotakata. A ku Unduna, mphunzitsi wotuluka ku ZAMISE mumutumize kumene kuli ana amene anawaphunzirira. A payunivesite, musayese mwana wa Chinyanja ndi muyeso umene simunauyese. Abusa ndi mashehe, lalikirani poyera kuti ulumali si temberero. Makondakitala, wilitcheya ndi miyendo ya munthu, miyendo silipira payokha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: pitani mukagogode pa chitseko chotseka chija, mum'funse mayi dzina la mwanayo, ndipo m'mawa mupite naye kusukulu.